Chala cha Bambo

Ndinafika ku Mzuzu mvula yamawawa ili mkati,
wakabaza nanditsitsa pakhomo pa khoti,
nsapato zitamwa matope a ku Chiputula.
M'manja kapepala kamodzi basi:
dzina, Fwasani Luhanga,
ndi chaka chimene ine ndinkaphunzira kuyenda.

Kwathu ankati anapita ku Joni.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ali ku Joni
osatumiza ngakhale bulangete,
mpaka pamaliro a azakhali
mlamu wina, mowa utamumasula lilime,
anati, Joni wake uti? Kafunse kukhoti.

Kalaliki, Mayi Nyachavula, anali atavala majuzi awiri.
Nambala ya mlandu muli nayo?
Ndilibe.
Anayang'ana wotchi, anayang'ana ine,
kenaka makiyi.
Mlandu si chinsinsi, anatero, unazengedwa anthu akumva,
koma kuupeza ndiye mlandu winanso.

Chipindacho chinkanunkha ngati thumba lovumbwa.
Mafayilo omanga ndi zingwe, kuyambira pansi mpaka kudenga,
a ku Rumphi, a ku Euthini, a ku Mpherembe,
oba ng'ombe atatsamira otentha nyumba,
onse ali chete, fumbi lawo limodzi.
Pakona ndowa ikuwerenga madontho a denga.

Lolemba tinapeza a Luhanga anayi, onse a eni ake.
Lachiwiri magetsi anazima,
tinasanthula ndi kuwala kwa foni mpaka batire kutha.
Lachinayi, m'kaundula wachikuto chothothoka,
tinamupeza atabisala m'kulakwitsa kwa wolemba:
Luwanga.

Boma kutsutsana ndi bambo anga.
Boma lonse mbali iyi,
mbali iyo munthu mmodzi wocheka matabwa ku Chikangawa.
Mkangano wa malipiro a matabwa makumi atatu,
usiku wa mu Juni, chikuni chochotsa pamoto,
ndipo mnzake wa sowo imodzi,
amene ankaima m'dzenje iwo ali pamwamba,
utuchi ukumugwera m'maso tsiku lonse,
sanadzukenso.
Yotamu Kanyimbo, wa ana awiri.
Sindinabwerere iyeyu
koma ndilibe pomusiya.

Mboni yachitatu ndinaidziwa ndisanamalize dzina.
"Ndinachapa malaya ake, madzi anafiira."
Mawu asanu okha,
ochokera pakamwa pomwe pankandisimbira za Joni
zala zikundiluka tsitsi Lamulungu madzulo.

Patsamba limene woweruza anafunsa
ngati wolakwa ali ndi chonena chilango chisanaperekedwe,
chiswe chinanditsogolera kale.
Chinasiya "ndili ndi mwana wamng'o"
ndi bowo loti nkuonera tebulo.
M'munsi mwake, m'malo mwa siginecha,
chidindo cha chala chachikulu, inki itazirala,
chipsera cha sowo chitadula mizere pakati
ngati njira yachidule m'munda wa munthu.
Ndinaikapo changa.
Sichinadzaze.

Zaka khumi ndi ziwiri, kugwira ntchito yakalavula gaga.
Za pambuyo pake fayilo sinena.
Zimenezo mukafunse kundende, anatero Mayi Nyachavula,
buku lawo ndi lina, ndipo lero aweruka kale.
Makina a fotokope anafa chaka chatha,
choncho anandibwereka cholembera chawo
nandisiyira theka la tiyi wawo, wozizira,
ine ndikukopera bambo anga m'kope la masamu
mzere ndi mzere,
ndi bowo lomwe, ndinalisiyira malo ake.

Panja lole inadutsa italemedwa ndi matabwa,
fungo la paini likuitsata mpaka ku Katoto.
Foni inalira m'thumba. Amayi.
Wachoka Lolemba osatsanzika, uli kuti?
Ndinaima pansi pa khonde la sitolo,
kope nditalibisa m'malaya kuti lisanyowe.
Ndafika ku Joni, amayi, ndinatero.
Kukuzizira.
Kumbali inayo sikunamveke kanthu
koma madzi akuthiridwa m'beseni.